Kompyuta yaing'ono yodzilumikizira: zoyenera kugula ndi zosiya ndalama zikakhala zochepa

Kompyuta ya pa desiki imene ambiri tinaizolowera ndi chibokosi chodya malo pansi pa tebulo, koma mukachitsegula mumapeza kuti mbali yaikulu ndi mpweya chabe. Kuyambira mu 2001, pamene kampani ya VIA Technologies ya ku Taiwan inatulutsa motherboard yotchedwa Mini-ITX, zakhala zotheka kulumikiza kompyuta yathunthu m'kabokosi konyamulika ndi dzanja limodzi. Motherboard ndi thabwa limene ziwalo zonse za kompyuta zimalumikizidwapo. Ya Mini-ITX ndi masentimita 17 mbali zonse, pamene ya ATX, ya m'mabokosi akuluakulu, ndi masentimita 30.5 mulitali ndi 24.4 mulifupi. Makina otere amayenera mu ofesi yopanikizana, m'sitolo yotayipa ndi kusindikiza makalata, m'chipinda cha wophunzira, ngakhalenso pambali pa TV. Komabe ogulitsa sathamangira kukuuzani kuti pa makompyuta kuchepa kumagulidwa. Motherboard yaing'ono kawirikawiri imadula kuposa inzake yokulirapo yogwira ntchito yomweyo, ndipo power supply yaing'ono, chiwalo chopereka magetsi ku ziwalo zina zonse, imateronso. Choncho amene akufuna makina aang'ono ndalama zili zochepa ayenera kudziwa chosiya, ndipo choyamba kusiya ndi graphics card.

Graphics card ndi chiwalo chapadera chokonza zithunzi zooneka pa sikirini, ndipo mtengo wake suthera pa tsiku loigula. Tengani Nvidia RTX 3060, khadi lapakati chabe: lokha limakoka mawati 170, ndipo eni ake amalangiza power supply ya mawati 550. Magetsi onse amene chiwalo chikukoka amasanduka kutentha, ndipo kutenthako kuyenera kutuluka m'kabokosi kopanda malo okwanira a mafani. M'mabokosi ang'onoang'ono ambiri, power supply yamphamvu choncho iyeneranso kukhala ya mtundu wa SFX, wa mamilimita 125 ndi 63.5 ndi 100, umene umadula kuposa wa ATX wa mphamvu yomweyo. Bokosi nalo liyenera kukhala lotalika mokwanira khadilo, ndipo mabokosi ena opyapyala amafuna chingwe chapadera cholumikizira khadi ku motherboard chifukwa silingaime pamalo pake. Walira mvula walira matope: wofuna khadi m'kabokosi kakang'ono wafunanso mafani owonjezera, phokoso, ndi ndalama zimene poyamba sanaziwerengere. Mukachotsa khadi limeneli, mavuto onsewa amachoka nalo limodzi.

Cholowa m'malo mwake ndi purosesa yokhala ndi mbali yokonza zithunzi m'kati mwake momwemo. Chitsanzo chodziwika ndi AMD Ryzen 5 5600G, imene inatuluka mu 2021. Ili ndi ma core 6, ili m'gulu la mawati 65, imalowa pa motherboard za AM4, ndipo yogulidwa m'katoni yake imabwera ndi fani yoiziziritsira. Kumbali ya Intel kuli Core i3-12100 ya mu 2022, ya ma core 4, yokwanira bwino ntchito za mu ofesi. Apa chilembo chimodzi chikhoza kukutayitsani ndalama. Purosesa ya Intel yothera ndi F, monga i3-12100F, ilibe mbali ya zithunzi, ndipo pa AM4 Ryzen yopanda G m'zilembo zakumapeto, monga Ryzen 5 5600, ilibenso. Zimenezi zimaoneka zotchipirako, wogula n'kumati wapeza mwayi, koma akafika kunyumba mafani amazungulira sikirini ili bii. Funsaninso za BIOS, kapulogalamu kamene kamadzutsa motherboard: bolodi ya B450, ngakhale ya A520 kapena B550 imene inakhalitsa pa shelefu, ikhoza kusaizindikira 5600G mpaka BIOS yake itakonzedwa. Uzani wogulitsa achite zimenezi musanachoke m'sitolo.

Ndalama zimene mwapulumutsa pa khadi zipite ku RAM, ndipo kagulidwe kake kali ndi nzeru yake. Purosesa yokonza zithunzi yokha ilibe memory yakeyake ya zithunzi, imabwereka ku RAM ya kompyuta. Mukaika kachidutswa kamodzi ka 16 GB, zonse zimadutsa njira imodzi. Mukaika tiwiri ta 8 GB, njira zimakhala ziwiri, ndipo kusiyana kwake kumaoneka ndi maso pa masewera ndi pa mavidiyo, pamene mtengo sunasiyane kwenikweni. Popeza motherboard zambiri za Mini-ITX zili ndi malo awiri okha a RAM, ganizirani kukula kwake lero, chifukwa kuwonjezera mawa kudzatanthauza kuchotsa timene mulinato. Pa 5600G, DDR4 ya liwiro la 3200 ndiyo yoyenera. Posungira zinthu gulani SSD ya M.2 NVMe, kachidutswa ka mamilimita 22 mulifupi ndi 80 mulitali kamene kamamangidwa pa motherboard pomwepo. Kupatula liwiro, ubwino wake m'kabokosi kakang'ono ndi wakuti sikafuna chingwe chilichonse, ndipo chingwe chilichonse chimene mwachipewa ndi mpata wa mpweya.

Bokosi musaligule chifukwa chooneka bwino pa chithunzi. Pa bokosi lililonse opanga amalemba msinkhu wa fani ya purosesa imene ingalowemo ndi mtundu wa power supply imene limalandira, ndipo manambala awiriwa ndi ofunika kuposa mtundu wa penti. Cooler Master NR200, ya malita pafupifupi 18, ndi yaing'ono koma yopatsa mpata: mpweya umayenda bwino, manja amalowa, ndipo woyamba kumene savutika. Kumapeto kwina kuli ASRock DeskMini X300, yosafika malita awiri, imene imagulitsidwa ili kale ndi motherboard ndi adaputa ya magetsi ya mawati 120 yofanana ndi ya laputopu. Imeneyi imalandira purosesa za AM4 zokhala ndi G za mawati 65, koma RAM yake ndi yaifupi ya m'malaputopu, ndipo fani iyenera kukhala yosapitirira mamilimita 46. Mafani afupiafupi abwino alipo, monga Noctua NH-L9a ya mamilimita 37, koma si otchipa, ndiye muwerengereni pamodzi ndi bokosilo. Kwa amene amaitanitsa katundu ku Johannesburg, Dubai kapena ku China, komwe ndalama yonyamulira imatengera kulemera ndi kukula kwa katoni, kabokosi kakang'ono kamabwezako pang'ono zimene kanadya.

Pa power supply pokha musanyengerere. Chiwalo chimenechi chikafa moipa chimatha kupita ndi motherboard ndi SSD yomwe, pamodzi ndi ntchito zanu zonse. Makina opanda graphics card safuna mphamvu zambiri. Mawati 300 mpaka 450 ndi okwanira ndi kutsalako, choncho sankhani yochepa mawati koma ya kampani yodziwika, osati ya manambala akuluakulu yopanda dzina. Chizindikiro cha 80 Plus chimatanthauza kuti magawo osachepera 80 pa 100 a magetsi olowa amafika ku ziwalo, osatayika ngati kutentha. Sichitsimikizira kuti zonse m'katimo ndi zolimba, koma power supply yopanda ngakhale chimenechi ndi yokayikitsa. Kuno kwathu nkhaniyi ndi yaikulu kuposa kwa amene amalemba malangizo ambiri a pa intaneti. Magetsi amathimathima, ambiri amadalira sola ndi batire, ndipo makina okoka mawati ochepa amakhala nthawi yaitali pa inveta yaing'ono pamene a khadi lalikulu akanaigwetsa msanga. UPS yaing'ono, kabokosi ka batire kogwirizira magetsi akathima, imakwanira kukupatsani mphindi zosungira ntchito ndi kuzimitsa bwino. Onjezani fumbi la m'chilimwe ndi kutentha kwa mu Okutobala: kabokosi kakang'ono kamatsekeka msanga, choncho kaikeni pa tebulo osati pansi, kasiyireni mpata kumbali zonse zolowera mpweya, ndipo muzikapukuta fumbi miyezi ingapo iliyonse, kali kozimitsa ndi kochotsa ku magetsi.

Wina anena kuti kompyuta yopanda graphics card ndi yopunduka, singaseweredwe masewera kapena kukonza mavidiyo a ukwati. Mawuwa ali ndi choonadi chake. Masewera atsopano olemera kwambiri sayenda bwino pa 5600G, ndipo amene ntchito yake ndi kukonza mavidiyo a 4K tsiku ndi tsiku adzatopa ndi kudikira. Koma masewera opepuka ndi akalekale amayenda mukachepetsa makonzedwe a zithunzi, ndipo kutayipa, kuwerengera ndalama, kukonza zithunzi za makadi ndi maposita, kuphunzira pa intaneti ndi kuonera mafilimu sizifuna khadi n'komwe. Amene akulifunadi khadi ali ndi njira ziwiri. Angagule bokosi ngati NR200 ndi power supply yokulirapo, malo amodzi a PCIe, olowetsamo khadi pa motherboard, n'kumadikira khadi la chaka chamawa. Kapena avomereze kuti kuchepa, mphamvu ndi kutchipa sizikhalira limodzi zitatu, atenge motherboard ya microATX ndi bokosi lapakati, zimene n'zosavuta kupeza ndiponso zotsika mtengo.

Winanso afunsa chifukwa chovutikira kulumikiza pamene m'masitolo muli makompyuta ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera m'maofesi a kunja, monga Dell OptiPlex, HP EliteDesk ndi Lenovo ThinkCentre Tiny. Funso limeneli ndi lolemera kuposa loyamba lija, ndipo kwa munthu wa ndalama zochepetsetsa yankho loona ndi lakuti agule amenewa, awonjezere RAM ndi SSD, ayambe ntchito. Angodziwa zimene akugula. Motherboard ndi power supply za makina ambiri otere ndi za kapangidwe ka kampaniyo yokha, moti zikafa simungaikemo za m'sitolo wamba. Komanso Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna chitetezo cha TPM 2.0 komanso, pa makina a Intel, purosesa ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kupatula zochepa chabe. OptiPlex yotchipa ya Core i5 ya m'badwo wa 4 kapena wa 6 ili kunja kwa mpanda umenewu, pokhapokha mutaiika Linux. Laputopu nayo ili ndi batire yake, koma purosesa yake ndi yowotcherera, ndipo sikirini kapena bolodi ikawonongeka kukonzetsa kumayandikira mtengo wa ina. Makina odzilumikizira pa Mini-ITX amakonzeka chiwalo chimodzichimodzi, ndipo mwayi umenewo ndiwo mukuulipira.

Kuti AM4 ndi yakale n'zoona, inayamba mu 2016 ndipo AM5 inabwera mu 2022. Pa AM5 pali Ryzen 5 8600G ya mu 2024, ya zithunzi zamphamvu kuposa 5600G, koma imafuna motherboard ina ndi RAM ya DDR5. Mitengo ya RAM imasinthasintha, choncho pa tsiku logula werengerani purosesa, bolodi ndi RAM pamodzi pa njira zonse ziwiri, osafanizira mapurosesa okha. Musanapereke ndalama, lembani papepala dzina lonse la chiwalo chilichonse ndi chilembo chake chomaliza, msinkhu wa fani, mtundu wa RAM ndi wa power supply, ndipo ngati mukugula m'sitolo, pemphani kuti makinawo ayatsidwe inu mukuona.