Kodi nyamakazi imagwiranso ana?

FUNSO: Mwana wanga wa zaka 9 anadwala zilonda zapakhosi, ndipo zinapola zokha. Patatha masabata atatu bondo linatupa, kenako ululu unasamukira ku kakolo. Apongozi akuti ndi nyamakazi, tikamutemere mphini. Nditani?
Mayi wodandaula, kwa Kaduya, Phalombe

YANKHO: Mayi, lumo lisamukhudze mwanayo. Dzina la nthendayo apongozi anu sanaliphonye kwenikweni, koma mphini sizingathandize. Ndipo ine nkhawa yanga siili pa bondolo ayi, ili pa mtima.

Zilonda zina zapakhosi zimayamba ndi bakiteriya otchedwa Streptococcus A. Thupi limatumiza asilikali ake kukalimbana nawo. Tsoka lake, bakiteriyawa amafanana ndi minofu ina ya munthu, makamaka ya m'mfundo ndi ya mumtima. Ndiye pakhosi patapola kale, asilikali aja amasokonezeka n'kuyamba kukantha eni mudzi. N'chifukwa chake ululu umabwera mochedwa, ndipo sukhala malo amodzi: lero bondo, mawa kakolo, mkuja chigongono. Achipatala amati rheumatic fever, ndipo imakonda ana a zaka 5 mpaka 15, makamaka kumene anthu amagona kapena kuphunzira mothithikana.

Mfundozo zimachira osasiya chilema. Mtima ndiye ayi. Timavavu timene timatsegula ndi kutseka njira ya magazi timatha kuchita zipsera, ndipo nthendayi ikabwereza, zipserazo zimawonjezeka. Befu ndi kutupa miyendo zimadzaoneka patapita zaka, kwa atsikana nthawi zina pa mimba yoyamba. Kafukufuku wa ku Lilongwe amene anatuluka mu 2016 anapeza kuti ana oposa 3 mwa ana 100 alionse amene anaunikidwa anali ndi zizindikiro za vutoli mumtima, chonsecho akuoneka abwinobwino.

Pitani naye sabata ino ku chipatala cha boma ku Migowi kapena ku Holy Family. Mukafotokoze za zilonda zija ngakhale asanakufunseni, ndipo mukapemphe kuti amvetsere mtima wake. Akakutumizani ku Gulupu ku Blantyre kuti akaunikidwe, musazengereze. Ikapezeka kuti ndi nthendayi, adzayamba kubayidwa jakisoni wa benzathine penicillin mwezi ndi mwezi kwa zaka zingapo. Amawawa ndithu, koma musadumphitse ngakhale mwana akuthamanga bwinobwino.

Abale akenso muziwayang'anira. Wina akamva kuwawa pakhosi, thupi n'kutentha koma osatsokomola, musangomumwetsa madzi a mandimu. Mutengereni kuchipatala tsiku lomwelo.