Mabuleki a Thirakitala: Awiri Onse Agwire Mofanana

Nyengo yokolola ikafika m'chigwa chathu cha Luangwa, thirakitala imachoka m'munda n'kulowa mumsewu. Imakoka ngolo yodzaza thonje kapena chimanga kupita ku Masumba ndi kwa Jumbe, ndipo masiku ena imanyamula abale ndi alongo opita kumaliro kapena kumsonkhano wa misasa. Pamenepo mabuleki amene sitinkawalabadira polima amakhala atasenza miyoyo ya anthu. Phunziro lathu ndi limodzi: buleki ya kumanja ndi ya kumanzere ziyenera kugwira nthawi imodzi komanso ndi mphamvu yofanana.

Thirakitala ili ndi zopondera mabuleki ziwiri, chilichonse cha tayala lake lakumbuyo. Anazilekanitsa dala kuti woyendetsa azitha kukhota pafupi akafika kumapeto kwa mzere. Koma ambirife timazolowera kukhotera mbali imodzi, choncho buleki ya mbali imeneyo imadyeka msanga. M'munda kusiyanaku sikuoneka. Pamtsetse, ngolo yolemera ikukankha kumbuyo, tayala limodzi limayamba kugwira linzake lisanagwire, thirakitala n'kupotokera m'ngalande. Ife tinazionapo pamene mmodzi wa ophunzira athu anatsetsereka ndi matumba a chimanga ataiwala kumanga zopondera. Anapulumuka, koma ngolo inagwa chammbali.

Mathirakitala akale, monga Massey Ferguson 135, mabuleki ake amakokedwa ndi zitsulo. Ambiri atsopano amayendera mafuta, ndipo chopondera chilichonse chili ndi kampope kake kotchedwa master cylinder. Phazi likaponda, kachitsulo kamakankha pisitoni, pisitoniyo n'kupanikiza mafuta m'paipi kufikira kutayala. Mafuta safinyika, n'chifukwa chake mphamvu yonse ya phazi imafika kumene ikufunika. Mpweya umafinyika. Ukalowa m'paipi ya mbali imodzi, chopondera chimamveka chofewa ngati siponji, ndipo mbali imeneyo imagwira mofooka.

Pokonza timatsata njira iyi, thirakitala ili pamalo osalala, injini itazima, matayala atatchingidwa ndi miyala.

Choyamba, onani mafuta m'kabotolo, ndipo werengani zolembedwa pachivundikiro ndi m'buku la makinawo. Mathirakitala ena amafuna mafuta a DOT 3 kapena DOT 4 monga a galimoto, ena amafuna mafuta a mtundu wa mineral. Mukawasokoneza, timphira ta m'kati timatupa ndipo mpope wonse umawonongeka. Mafuta a DOT amayamwanso chinyezi: a DOT 4 atsopano sawira asanafike madigiri 230, koma akamwa madzi amatha kuwira pafupi ndi madigiri 155. Botolo limene lagona chotsegula dzinja lonse musaligwiritse ntchito.

Chachiwiri, masulani kachitsulo komangira zopondera, mukankhe chilichonse ndi dzanja, muyeze ndi lula mtunda umene chikuyenda chisanayambe kulimba. Mitunda iwiriyo ifanane, ndipo igwirizane ndi muyeso wa m'buku. Musamange mpaka mpata wonse kutha. Pisitoni iyenera kubwerera kufikira pamapeto kuti itsegule kabowo kobwezera mafuta m'kabotolo. Ikalephera kutero, buleki imakhala yogwira pang'ono nthawi zonse, n'kutentha.

Chachitatu, tulutsani mpweya. Ntchitoyi ndi ya anthu awiri. Wina aponde ndi kugwiriza, wina atsegule kanati kotulutsira mpweya, mafuta atsikire m'kapaipi koonekera kolowa m'botolo, kenako atseke mnzake asananyamule phazi. Bwerezani mpaka thovu litatha, mbali zonse ziwiri, osalola kabotolo kuuma. Ngati chopondera chikumira pang'onopang'ono mutachigwiriza, koma palibe pamene pakudontha, ndiye kuti timphira ta mu master cylinder tatha. Mukagula ina, ikhale ya kukula komweko ndi inzake, pakuti yopapatiza imapanikiza kwambiri kuposa yotakata ngakhale phazi liponde mofanana.

Chachinayi, yesani. Mangani zopondera pamodzi, yendetsani pang'onopang'ono pabwalo la dothi popanda ngolo ndiponso popanda ana pafupi, ndipo mupondeko mwamphamvu. Tsikani mukaone mikwasa ya matayala. Ikayamba pamalo amodzi n'kutalika mofanana, ntchito yatheka. Ukayamba umodzi, bwererani ku masitepe aja.

Ngakhale mabuleki akhale abwino chotani, kumbukirani kuti pa mathirakitala ambiri amagwira matayala akumbuyo okha, ndipo ngolo zathu zambiri zilibe mabuleki akeake. Mtsetse utsikeni ndi giya imene mukanakwera nayo, muisankhe musanayambe kutsika, ndipo musaponde kilachi pakati pa mtsetse. Katundu asapose mphamvu ya thirakitala, ngakhale mwini matumba akuchondererani kuti ulendo ukhale umodzi.

Pano pasukulu timayang'ana mafuta ndi zopondera Lachisanu lililonse, pokonzekera Sabata, kuti vuto lipezeke makina ali pabwalo. Inu amene munamaliza maphunziro ndipo mukuyendetsa mathirakitala a makopaletivu kapena a anthu ena, khalani ndi tsiku lanu lotere. Mwini thirakitala akakana kugula timphira, muuzeni mwaulemu kuti simunyamula anthu mpaka zitakonzedwa. Amene akwera m'ngolo sadziwa za master cylinder, amangokhulupirira inu.