MPHEKESERA YA PA LAMYA INGAPHE MUNTHU

Anzanga ophunzira, masiku ano mnyamata akagwira lamya ya m'manja amadziona ngati wagwira dziko lonse. Pa Facebook, WhatsApp ndi TikTok timachezapo, timaphunzirapo, ndiponso timamvapo za abale athu akutali. Zimenezi sindikuzikana ai. Koma m'phunziro lino ndikufuna tione choipa chimodzi chimene ambiri timachiyesa chaching'ono, ndicho kutumizira ena nkhani imene sitidaitsimikize.

Zimene zidachitika ku India

M'chaka cha 2018, m'madera ambiri a dziko la India mudafala kanema wa pa WhatsApp woonetsa amuna awiri a pa njinga yamoto akuba mwana amene ankasewera mumsewu. Makolo adagwidwa ndi mantha aakulu. Iwo sadadziwe kuti kanemayo adali sewero chabe limene adalijambula ku Karachi m'dziko la Pakistan pofuna kuchenjeza anthu kuti azisamala ana. Kumapeto kwa sewerolo mwanayo amabwezedwa, koma wina adadula mbali imeneyi natumiza yotsalayo.

Pa 1 July 2018, amuna asanu adatsika basi pamudzi wa Rainpada m'boma la Dhule, tsiku la msika. Mmodzi mwa iwo adalankhula ndi kamtsikana. Anthu amene adali atamva kale mphekesera za akuba ana pa lamya zawo adawaunjirira, nawamenya mpaka onse asanu adafa. Amunawo sadali akuba ana ai. Adali amphawi oyendayenda opempha chithandizo.

Chifukwa chiyani bodza limathamanga chotere?

Choyamba, bodza limakhala lachilendo ndi loopsa, tsono munthu safuna kulisunga yekha. Akatswiri a pa sukulu ya ukachenjede ya MIT ku America adalengeza mu 2018 kuti pa Twitter nkhani zabodza zinkafika kwa anthu 1,500 mwaliwiro loposa la nkhani zoona pafupifupi kasanu ndi kamodzi. Adapezanso kuti ofalitsa kwambiri mabodzawo adali anthu enieni ngati inu ndi ine.

Chachiwiri, uthenga wa pa WhatsApp umabwera kuchokera kwa malume, kwa mlongo kapena kwa bwenzi. Timaukhulupirira chifukwa timakonda amene watumiza, kuiwala kuti nayenso wangoulandira kwa wina. Makolo adanena kuti kandimverere adakanena za m'maluwa.

Ife a ku Malawi mphamvu ya mphekesera timaidziwa. Mu 2017 nkhani ya anamapopa idaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe ndi madera ena a kumwera. Kale mphekesera inkayenda ndi miyendo kuchokera pachitsime kupita kuchigayo. Lero ingafike ku Karonga isanathe mphindi imodzi.

Nanga tichitenji?

Zitachitika za ku India, eni ake a WhatsApp adaika chizindikiro pa uthenga wongotumizidwa, ndipo mu January 2019 adalamula kuti pa dziko lonse uthenga usatumizidwe kumalo oposa asanu pa nthawi imodzi. Adachita bwino, komabe makina sangatiganizire. Ine ndikuona kuti tisanatumize nkhani tidzifunse mafunso atatu awa:

1. Kodi woyamba kunena zimenezi ndani? Ngati palibe dzina, malo ndi tsiku, ndiyambe ndaima.

2. Kodi nyuzipepala kapena wailesi yodalirika yanenapo? Chithunzi chokha si umboni, poti chingakhale chakale, cha dziko lina kapena chodulidwa.

3. Nkhaniyi ikakhala yabodza, avulale ndani? Mwina ndi mlendo wodutsa, mwina gogo wosauka, mwina mtsikana amene manyazi amulepheretsa kubwerera ku sukulu.

Anzanga, amene adatumiza mphekesera zija sadagwire ndodo kapena mwala, ndipo ambiri ankaganiza kuti akuthandiza anansi awo. Komabe ana a amuna asanu aja adatsala amasiye. Tikapita ku tchuthi, abale athu adzatifunsa ngati zimene aona pa lamya nzoona, poti amatiyesa ophunzira. Tisafulumire kuyankha kapena kutumiza tisanafufuze. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakupeza.