Tsiku Limodzi mu Mzinda wa Tete: Malangizo kwa Ochokera ku Marávia pa Ulendo wa Ntchito

Aphunzitsi, azaumoyo, alangizi a zaulimi ndi amalonda a m'boma la Marávia amafika kawirikawiri mu mzinda wa Tete chifukwa cha misonkhano, maphunziro a ntchito kapena mapepala ofunika ku maofesi a chigawo, koma ambiri amabwerera ku Fingoé, likulu la bomalo, ataona chipinda cha msonkhano ndi pokwerera galimoto pokha. Wapaulendo amene angapatule tsiku limodzi adzapeza kuti mbiri ya mzindawu imakhudza kwawo, pakuti dzina lakuti Marávia linachokera kwa Amaravi, makolo a Achewa, ndipo minyanga ya njovu ndi golide zimene zinalemeretsa amalonda a ku Tete zaka mazana apitawo zinkachokeranso m'dziko la Undi, mfumu ya Amaravi, kumpoto kwa mtsinje wa Zambezi.

Kuchokera ku Fingoé, msewu umalowera kum'mawa mpaka pa Bene, pamene umakumana ndi msewu waukulu wochokera ku Cassacatiza, pa malire a Zambia, ndipo kuchokera pamenepo galimoto imatsetsereka chakumwera mpaka ku Matundo, dera la mzinda wa Tete limene lili kumpoto kwa mtsinje. Ulendowu umadya gawo lalikulu la tsiku ndipo umavuta nyengo ya mvula, choncho tsiku loona malo lisakhale tsiku lofika kapena lobwerera. Popeza maofesi a boma amatsegula 7:30 m'mawa n'kutseka 3:30 masana, ndi bwino kumaliza za ntchito pakati pa sabata ndi kusiya Loweruka kuti likhale loyendera mzinda. Chiphaso cha unzika, chimene chimatchedwa Bilhete de Identidade, chikhale m'thumba nthawi zonse, ndipo wogwira ntchito m'boma asungenso guia de marcha, kalata yosonyeza kuti ali pa ulendo wovomerezeka.

Chimene chimalamula ndondomeko ya tsikuli ndi dzuwa. Mzinda wa Tete uli m'chigwa, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, kotero munthu wozolowera kamphepo ka kumapiri a Marávia amafooka msanga. Kuyenda pansi kuchitike kuyambira mbandakucha mpaka cha m'ma 10 koloko, masana akhale opuma pamthunzi, ndipo ulendo wa kunja kwa mzinda uyambe dzuwa litapendeka. Madzi akumwa, chipewa ndi ndalama zing'onozing'ono za metical zolipirira chapa, imene ndi minibasi, kapena txopela, njinga yamoto ya matayala atatu, ndi zinthu zosayenera kuiwalika.

Poyambira pabwino ndi mlatho wa Samora Machel, umene unamalizidwa mu 1973 motsatira pulani ya katswiri wa ku Portugal Edgar Cardoso. Mlathowu ndi wolenjekeka, kutanthauza kuti msewu wake umagwiridwa ndi zingwe zachitsulo zopachikidwa pa nsanja zazitali, ndipo woyenda pansi kuchokera ku Matundo m'mamawa amaona mzinda wakale uli m'mbali mwa phiri kutsidya, asodzi ali m'mabwato, ndi kutambalala kwa madzi kumene kumasonyeza chifukwa chake malowa anasanduka dooko la malonda. Amalonda a Chiswahili ndiwo anayamba kuchita malonda pamalopa, ndipo Apwitikizi anakhazikikapo cha m'ma 1531 pofuna golide wa ufumu wa Mwene Mutapa. Malowa anakwezedwa kukhala mzinda pa 21 Malichi 1959, tsiku limene anthu a ku Tete amakumbukira chaka ndi chaka.

Akatsika pa mlatho, wapaulendo alowe m'misewu ya m'mphepete mwa mtsinje, mmene muli linga la São Tiago Maior ndi tchalitchi chakale cha dzina lomwelo. Makoma a miyala a lingali amakumbutsa nyengo ya maprazo, minda ikuluikulu imene mfumu ya Portugal inkapereka kwa atsamunda, amene ankasunga magulu a akapolo onyamula mfuti otchedwa Achikunda. Magulu amenewa ankawoloka Zambezi kukasaka njovu ndi kugwira anthu m'midzi ya Amaravi, ndipo anathandiza kufooketsa ufumu wa Undi, choncho Mchewa amene waima pa lingali akuona malo amene mavuto ambiri a makolo ake ankachokera. Kuchokera mu mzinda womwewu, wofufuza malo Francisco de Lacerda ananyamuka mu 1798 kupita kwa mfumu Mwata Kazembe, kumene anakamwalira, ndipo mu 1831 asilikali a Chipwitikizi Monteiro ndi Gamitto anatsata njira yomweyo kudutsa m'dziko la Amaravi, ulendo umene Gamitto analembamo zambiri za miyambo ya Achewa. David Livingstone anafikanso kuno mu Malichi 1856 pochokera kumadzulo, ndipo atabweranso mu 1858 anapeza kuti mathithi a Cahora Bassa sangalole sitima kupitirira, zimene zinamuchititsa kutembenukira ku mtsinje wa Shire. Asanajambule chithunzi pa linga, pa mlatho kapena pafupi ndi apolisi ndi asilikali, mlendo ayambe wapempha chilolezo.

Dzuwa likakwera, nthawi yakwana yopita ku msika wa Kwachena, kumene kumamveka Chinyungwe, chilankhulo cha eni dera chimene Mchewa amamvako mawu ambiri akatchera khutu. Pamsika pamapezeka malambe, masau, kapenta ndi chicoa, nsomba youma yothira mchere imene dzina lake linachokera ku dera la Chicoa m'mbali mwa nyanja ya Cahora Bassa. Chakudya cha masana chikhale nsima ya pende, nsomba yofanana ndi chambo, kapena ya nyama ya mbuzi, popeza mbuzi ya ku Tete ndi yotchuka m'dziko lonse la Mozambique chifukwa cha kukoma kwake.

Madzulo wapaulendo asankhe malo amodzi mwa awiri, chifukwa onse sangatheke tsiku limodzi. Oyamba ndi mishoni ya São José de Boroma, pafupifupi makilomita 25 kumtunda kwa mtsinje, imene ansembe a chipani cha Ajezuiti anaikhazikitsa m'zaka za m'ma 1880, ndipo tchalitchi chake chili pa chitunda choyang'ana Zambezi. Mmodzi mwa ansembe a nyengo imeneyo, Victor Courtois, analemba galamala ndi mtanthauziramawu wa Chinyungwe. Achiwiri ndi Wiriyamu, kumwera kwa mzinda, kumene asilikali a atsamunda anapha anthu wamba mazanamazana pa 16 Disembala 1972, nkhani imene itafalitsidwa ku London mu 1973 inachititsa dziko lapansi kudzudzula nkhondo imene Portugal inkamenya mu Mozambique. Pamalopa pali chipilala chachikumbutso, ndipo mlendo afikepo mwaulemu ngati wofika pamanda, atayamba walonjera akuluakulu a m'mudzi. Kulikonse kumene angasankhe, agwirizane ndi woyendetsa galimoto za mtengo ndi nthawi yobwerera asananyamuke, kuti mdima usamupeze panjira, ndipo asatsikire m'madzi a Zambezi chifukwa muli ng'ona.

Ngati nthawi ilipo, tsikuli lithere pa mlatho wachiwiri, umene unatsegulidwa mu 2014 kumunsi kwa mzinda kuti magalimoto olemera opita ku Malawi, ku Zambia ndi ku migodi ya malasha ya Moatize asamadutse pakati pa tauni. Mlathowu unatchedwa Kassuende pokumbukira msasa wa Frelimo umene unali m'boma la Marávia pa nkhondo yomenyera ufulu, imene inayaka m'chigawo cha Tete kuyambira mu 1968. Wochokera ku Fingoé akawerenga dzinalo pa chikwangwani ali ndi chifukwa chofunsira agogo a kwawo za msasawo akabwerera, pakuti ena mwa amene ananyamula chakudya ndi katundu wa omenyera ufulu akadali moyo m'midzi ya m'malire.