Kusankha Mabilinganya Abwino Pogula

Malangizo a kadyedwe koyenera a dziko la Australia a chaka cha 2013 amalimbikitsa munthu wamkulu kudya ndiwo zamasamba magawo osachepera 5 pa tsiku. Gawo limodzi ndi magalamu 75, pafupifupi theka la kapu ya ndiwo zophika. Mabilinganya angathandize banja lanu kukwaniritsa muyezo umenewu. Komabe, bilinganya lokhwimitsa limawawa, ana amalikana, ndipo ndalama zanu zimapita pachabe.

N'chifukwa chiyani ena amakhala ndi njere zambiri?

Bilinganya limakoma likathyoledwa lidakali lanthete. Pa nthawiyi njere zake zimakhala zazing'ono, zofewa ndi zoyera. Likakhalitsa m'munda, njerezo zimakula, zimalimba, zimasanduka zofiirira ndipo zimawawa. Anthu ena amati pali bilinganya lalimuna ndi lalikazi, ndipo lalimuna ndilo lopanda njere. Zimenezi si zoona. Chofunika kwambiri ndi msinkhu wa chipatsocho komanso mtundu wake.

Zoyenera kuona musanagule

• Khungu likhale losalala ndi lonyezimira. Siyani lamakwinya, lambuu kapena lamabala.
• Linyamuleni m'dzanja. Labwino limalemera poyerekeza ndi kukula kwake. Lopepuka limakhala litayamba kuuma m'kati.
• Lisindikizeni pang'ono ndi chala chachikulu. Pamalopo pakabwerera m'mwamba, ndi labwino. Pakatsala kadzenje, lagonera.
• Timasamba ta kumutu kwake tikhale tobiriwira, topanda nkhungu.
• Sankhani aang'ono kapena apakatikati. Mtundu wautali ndi wowonda, umene m'masitolo amaulemba kuti Lebanese eggplant, kawirikawiri umakhala ndi njere zochepa.

Nyengo ndi malo ogulira

Bilinganya ndi mbewu yokonda kutentha. Minda ya kufupi ndi Perth imakolola m'miyezi yotentha, makamaka kuyambira Januwale mpaka Epulo. M'nyengo yozizira ambiri amachokera ku Carnarvon, mtunda wa makilomita pafupifupi 900 kumpoto kwa Perth. Mungawapeze ku Coles, ku Woolworths, ku Fremantle Markets, ndiponso ku Market City ku Canning Vale, kumene anthu wamba amagula Loweruka m'mawa. Yerekezerani mitengo poona mtengo wa kilogalamu imodzi. Gulani okwanira masiku ochepa okha, ngakhale mtengo utatsika.

Kusunga ndi kuphika

Kuzizira kwambiri kumawononga mabilinganya: khungu limachita timaenje ndipo m'kati mumadetsedwa. Asungeni pamalo ozizirira bwino, kapena m'kabati ya masamba ya mufiriji, ndipo muwaphike pasanathe masiku 3 kapena 4. Atsukeni pokhapokha mukafuna kuphika.

Bilinganya limamwa mafuta ambiri mukamalikazinga. Ndi bwino kuliwotcha mu uvuni mutalipaka mafuta pang'ono, kapena kuliphika pamodzi ndi tomato ndi anyezi n'kudyera nsima. Ngati ndi lanthete, simufunika kulisenda kapena kulithira mchere wochotsera kuwawa.