SANKHANI NSHAWA MUSANAPHIKILE ALENDO

Pa Khisimasi ndi pa maukwati amai ambili amaphika mabisiketi a nshawa, zina nakazinga zopatsa alendo poyembekezela nsima. Koma kodi nshawazo mumayamba mwazisankha?

Nshawa zosungidwa zisanaume bwino, kapena zoikidwa pamalo a cinyezi, zimacita nkhungu. Nkhunguyi imatulutsa poizoni wochedwa aflatoxin, amene amaononga ciwindi ndipo angabweletse khansa. Poizoniyu anadziwika pambuyo pakuti nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England mu 1960 zitadya cakudya ca nshawa zoipa.

Ena amati moto umapha zonse. Iai! Moto wa uvuni kapena wa mbaula suthetsa poizoni ameneyu.

Conco citani izi:

1. Thilani nshawa m'licelo, cotsani zonse zakuda, zofota ndi zofumbwa.
2. Zocotsedwazo musasinje nsinjilo, ndipo musapatse ana kapena nkhuku.
3. Sambani m'manja ndi sopo musanakande ufa.
4. Ana asanyambite ufa wokanda, cifukwa mazila osaphika amatsegula m'mimba.
5. Mabisiketi akazizila, asungeni m'citini couma cotseka bwino.

Mlendo ndi mame. Abwelele kwao ali wathanzi monga anabwelela.