Pasipoti Ikatayika ku Joni Masiku Atapitirira Kale

M'midzi ya kwa Kalolo ndi kwa Kabudula muli mabanja ambiri amene ali ndi mwana kapena bambo ku South Africa. Ena amatumiza ndalama, koma ena analeka ngakhale kuimba foni. Abale akafunsa kwa anthu obwera pa basi, kawirikawiri amamva kuti munthuyo ali moyo ndithu, koma pasipoti yake inatayika, masiku amene anampatsa anatha kale, ndipo akuopa kubwera.

Kale zinthu sizinali chomwechi. Amuna opita ku migodi ndi Wenela ankalembedwa konkuno, ndipo ntchito ikatha kampaniyo inkawabweza kwao. Boma linaletsa ulendowu mu 1974 ndege itagwa ku Francistown ndi kupha anthu a ku Malawi oposa 70. Unayambanso mu 1977 ndi TEBA, ndipo unatha mu 1988. Tsopano mnyamata wa ku Nsaru akagulitsa fodya amakwera basi yekha, nadzera ku Dedza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge. Palibe kampani yomsamalira mapepala.

Pa chipata cha Beitbridge munthu wa pasipoti ya Malawi amaloledwa kulowa ngati mlendo kwa masiku osapitirira 30. Chidindo chimenechi si chilolezo cha ntchito ai. Masikuwo akatha iye adakali m'dzikomo, walakwira lamulo la eni dziko.

Tsono munthu amene wataya pasipoti masiku atapitirira ali ndi nkhani ziwiri, ndipo ambiri amavutika chifukwa amaziyesa imodzi. Pasipoti ndi ya Boma la Malawi, kotero kutayika kwake amakonza ndi akuluakulu a Malawi. Kukhalitsa ndiwo mlandu wa Boma la South Africa, ndipo kazembe wa Malawi alibe mphamvu yakuufafaniza.

Nkhani ya pasipoti ndiyo yapafupi. Malawi ali ndi ofesi ya kazembe ku Pretoria ndi ina ku Johannesburg. Ogwira ntchito kumeneko ndi Amalawi, ndipo udindo wao ndi kuthandiza nzika za dziko lino. Akatsimikiza kuti munthu ndi Mmalawi, akhoza kumpatsa chikalata choyendera mwadzidzidzi. Chikalatachi ntchito yake ndi kumfikitsa kwao basi. Sichimlola kukhalabe ku Joni kapena kugwira ntchito. Amafuna zithunzi, ndalama yolipira, ndiponso kalata yosonyeza kuti kutayikako kunanenedwa ku polisi. Popeza wopitirira masiku amaopa polisi, ndi bwino ayambe wafunsa ku ofesi ya kazembe kuti amlangize mayendedwe ake.

Apa ndipo abale otsala kumudzi ali ndi mbali yaikulu. Munthu wopanda pepala lililonse amatenga nthawi kuti akhulupiridwe. Koma ngati mkazi wake ku Mpingu ali ndi chithunzi cha tsamba la pasipoti lokhala ndi dzina ndi nambala, kapena nambala ya chiphaso cha unzika chimene anthu analembetsa kuyambira mu 2017, akhoza kutumiza pa foni tsiku lomwelo. Dzina la mudzi, la a nyakwawa ndi la mfumu yaikulu alinene monga momwe linalembedwera poyamba. Wina amalembetsa dzina la atate ake pa pasipoti, nakanena la mfunda ku ofesi, ndipo kusiyana kotereku kumachedwetsa zinthu.

Nkhani ya kukhalitsa ndiyo yolemera. Kale wopitirira masiku ankalipira faindi. Malamulo anasintha mu May 2014. Kuyambira pamenepo, munthu wotuluka atapitirira masiku amalembedwa pa chipata kuti ndi wosafunika m'dzikomo. Wopitirira ndi masiku osaposa 30 amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi. Akabwereza zisanathe zaka 2, amaletsedwa zaka 2. Wopitirira ndi masiku oposa 30 amaletsedwa zaka 5. Amene ali ndi chifukwa chomveka, monga kugonekedwa m'chipatala, akhoza kuchita apilo ku Home Affairs atatenga makalata a dokotala.

Lamuloli liyenera kumvedwa bwino. Wopitirira miyezi 2 ndi wopitirira zaka 8 chiletso chao pa chipata ndi chimodzimodzi, ndicho zaka 5, ndipo zakazo siziyamba kuwerengedwa kufikira munthu atatuluka. Kubisala m'komboni ku Johannesburg kapena pa famu ku Limpopo sikuchepetsako ngakhale tsiku limodzi. Mlandu suwola. Komanso amene agwidwa asanatuluke yekha akhoza kutsekeredwa, kuimbidwa mlandu, kapena kusungidwa ku Lindela, kufupi ndi Krugersdorp, kufikira tsiku lomthamangitsa. Otere amafika kwao chimanjamanja, katundu yense atatsala m'nyumba ya lendi.

Pali njira ziwiri zachidule zimene anyamata amauzana, ndipo zonse ndi zoipa. Ena amataya pasipoti dala poganiza kuti chidindo chikasowa mlandu wasowanso. Koma tsiku lolowera linalembedwa m'makompyuta a pa chipata, ndipo pasipoti yatsopano idzakhala ndi dzina ndi tsiku lobadwa lomwelo. Ena amapereka pasipoti kwa munthu wa pa basi kuti akaidindire mwini wake asanapite ku chipata. Mapasipoti ena amatayikira m'manja mwa anthu otere, ndipo chidindo chabodza chikapezeka mlandu wake umaposa wa kukhalitsa.

Munthu akafika kuno, chikalata chija chatha ntchito. Akafuna pasipoti ina apite ku ofesi ya Immigration ku Lilongwe ndi chiphaso cha unzika ndi kalata ya polisi, ndipo adziwiretu kuti kubweza pasipoti yotayika kumadula kuposa kutenga yoyamba. Pasipoti yatsopanoyo siichotsa chiletso cha ku South Africa.

Aphunzitsi a ku Namitete, Nambuma ndi madera ena, amene makolo amawapempha kuwerenga makalata ndi mauthenga, angathandize pouza banja lililonse limene mwana wake akukonzeka ulendo kuti lijambule tsamba la pasipoti ndi chiphaso chake asananyamuke, ndi kusunga zithunzizo pamodzi ndi makalata ena ofunika a pakhomo.